Ndinaperekeza Che Ajibu ku Chiuta

Sitima itaima pa Balaka m'mawa umenewo, mtima wanga unali utafika kale kwathu. Kwathu ndi kufupi ndi Utale. Ukanyamuka pa siteshoni dzuwa likutuluka, umakafika lisanapendeke. Ndinali nditatha zaka zinayi ku nkhondo, ndipo mkazi wanga Aginesi ndinamusiya ali ndi pakati pa mwana amene ndinali ndisanamuonepo. Ndinatsika ndi thumba langa paphewa, maso ali kunjira ya kwathu. Apo m'pamene a sajeni anandiitana pazenera la sitima.

"Benedito! Iwe ndi uyu si munali gulu limodzi?"

Ankaloza Che Ajibu, amene anali ataima pambali pa njanji, manja ali m'mbali ngati akudikira lamulo.

"Inde, a sajeni."

"Kwawo n'ku Chiuta. Ukamutule kwa abale ake, kenako uzipita kwanu. Yekha sakafika."

Usilikali tinali titavula dzulo lake. Ndikanatha kukana, ndipo palibe akanandimanga. Koma pakamwa pamene pakhala pakuvomera kwa zaka zinayi sipaphunzira kukana tsiku limodzi. Ndinangoti, "Chabwino, a sajeni," sitima n'kulira, n'kumapita ndi anzathu a kumpoto. Anzathu ena a tsidya la Shire anali atadzera ku Zomba sabata yapitayo, koma mvula inali itakokolola mlatho wina pa msewu umenewo. N'chifukwa chake Che Ajibu anamuzungulitsa ndi sitima.

Ndifotokoze kaye za munthuyu. Ine ku nkhondo ndinali wonyamula machira. Ntchito yanga inali kutola ovulala, ndipo sindinawomberepo munthu. Che Ajibu anali msodzi wa ku Chiuta, Msilamu, wamtali, wa mapewa ngati chitseko. Ndiye ankanyamula mfuti yaikulu ya gulu lathu, ndiyenso ankatsogolera nyimbo tikamaguba. Ku Burma anatilowetsa m'chigwa china chimene mvula yake sinkakata. Nsapato zinkawolera kumapazi. Misundu inkalowa mpaka m'makutu. Mdani sitinkamuona, tinkangomva nsungwi zikuthyoka, kenako mnzako amene umayankhula naye wagwa. Tsiku lina chipolopolo cha mzinga chinagwera pa dzenje limene munabisala Che Ajibu ndi anzake atatu, dothi n'kuwakwirira onse. Sitinathe kufikapo mpaka m'mawa mwake, chifukwa aliyense wodzutsa mutu ankawomberedwa. Titakumba, atatu aja anali atauma. Che Ajibu tinamupeza nkhope ili m'khwapa mwa mnzake wakufa, m'mene munatsala kamphepo pang'ono. Ndinamukoka miyendo ndine. Madokotala sanapeze bala paliponse. Koma kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso, ndipo mawu ake ankachita kuwerengeka. Sankavuta munthu. Ukamuuza khala, ankakhala.

Pa Balaka panalibe basi yopita kumene tinkapita. Tinapeza lole ya mmwenye wina itanyamula mchere, palafini ndi mabelo a nsalu za kusitolo yake ya ku Nsanama. Dalaivala wake, a Kachingwe, anatilandira mashileni awiri awiri n'kunena kuti, "Kwerani, tikunyamuka pompano." Pompano ameneyo anatha mpaka dzuwa kufika pamutu. Ankadikira matumba ena a mchere, kenako ankadikira mmwenye asaine kalata, kenako iwo eni anasowa.

Pamwamba pa matumbapo tinalipo anthu oposa khumi, ambiri azimayi ndi ana. Awiri ndi amene sindiwaiwala. Woyamba anali mesenjala wa boma, a Chikaonda, wa chipewa chofiira ndi chikwama cha chikopa cha makalata. Wachiwiri anali mayi wina wa kwa Mposa, Abiti Sumani, wochepa thupi, wa chipini pamphuno. Mayiyu atangoona kaki wathu anasendera pafupi.

"Ana anga, kumeneko simunamuoneko Daudi? Daudi mwana wanga. Ali ndi chipsera apa pachibwano."

Ndinawafunsa gulu lake, koma sankadziwa. Anati aka kanali kachitatu kubwera ku Balaka kudzachingamira sitima ya asilikali. Ndinawauza kuti asilikali tinali ambiri, ena akadali m'njira. Anagwedeza mutu ngati munthu amene yankho limenelo analimva kale kwa ena.

A Chikaonda ndiye anali ndi pakamwa. "Kodi n'zoona kuti Ajapani ndi aafupi ngati ana? Inu munapha angati? Nanga awa bwanji sakuyankha, ndi ogontha?"

"Atopa," ndinatero.

"Atope ndithu. Koma ndikuchenjezeni, asilikali inu. Kwabwera lamulo. Wopezeka ndi chipolopolo ngakhale chimodzi cha boma, ndende. Ndipo awa amene akubwera mitu itazungulira, akangosokoneza kumudzi, timawatengera kunyumba ya amisala. Ndaperekezako kale awiri ndi manja angawa."

Ndinaseka nawo pang'ono kuti nkhani ithe. Che Ajibu ankangoyang'ana kutsogolo, kachikwama kake ka m'mbali, kamene tinkati havasaki, kali pamiyendo.

Tinanyamuka masana. Unali mwezi wa mvula, ndipo msewu wa ku Liwonde unali phala lokhalokha. Tisanapite patali lole inatitimira pa dambo, amuna tonse n'kutsika kukakankha. Tinadula nthambi, kuyala pansi pa matayala, kukankha, matope n'kutithira kumaso. Itatuluka tinayenda pang'ono, n'kutitimiranso. Che Ajibu ankakankha ngati anthu atatu, koma havasaki sanaivule. Ndinaona, koma sindinaganize kanthu. Msilikali ndi chikwama chake salekana.

Masiku amenewo, usanafike pa Shire, panali malo opopera magalimoto chifukwa cha ntchentche za kashembe zimene zinkapha ng'ombe. Inali nyumba yaitali ya malata. Galimoto inkalowa yonse ndi anthu ake omwe, n'kutseka zitseko kutsogolo ndi kumbuyo, anthu awiri n'kumapopa mankhwala. Lole yathu italowa, zitseko zinatsekedwa, mdima n'kugwa bii. Fungo la mankhwala linatsamwitsa ana, anayamba kulira. Nthawi yomweyo mvula inayamba kumenya malata.

Ndinamva kupuma kwa Che Ajibu kukusintha. Ankapuma mwachidule, mofulumira, ngati galu wothamangitsidwa. Ndinatambasula dzanja mumdimamo kuti ndimugwire mkono. Mkonowo ndinautsatira mpaka m'havasaki, ndipo m'menemo zala zake zinali zitafumbata chinthu chokulungidwa m'sokosi. Chinali chozungulira, cholemera, cha mabangomabango ngati chinanazi chaching'ono.

Munthu amene wakhala ku nkhondo safunsa kuti chimenecho n'chiyani. Linali bomba la m'manja.

Mmene analidutsitsira pa chipikisheni cha padoko pamene ankatisecha, m'sitima ya pamadzi, ndi pa kampu pamene anatikhuthulira matumba onse pansi, mpaka lero sindidziwa. Ndinangomuyandikira kukhutu.

"Achimwene, ndine Benedito. Muno ndi m'nyumba ya malata. Atsegula pompano. Pumani ndi ine."

Zitseko zitatseguka, kuwala n'kulowa, dzanja lake linatuluka m'chikwama lopanda kanthu. A Chikaonda ankapukuta maso ndi mpango, akudandaula za mankhwala. Palibe anaona.

Tinafika pa Liwonde dzuwa litapendeka. Kunalibe mlatho nthawi imeneyo. Magalimoto ankawoloka pa pantoni, chithabwa chachikulu choyandama chimene amuna ankachikoka ndi chingwe cha waya. Shire anali atadzaza mpaka m'minda. Pantoni inali tsidya lina, ndipo zisumbu za bango zimene madzi anazula kumtunda zinali zitakola pa chingwe. Anthu a pantoni ankazidula ndi zikwanje ali m'bwato. Anatiuza kuti tidikire.

Ndinamutengera Che Ajibu kuseri kwa mlambe, kutali ndi anthu.

"Achimwene, chija chili m'chikwama. Mtsinje ndi uwu. Tiyeni tikachiponye pakuya, tizipita kwanu opepuka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinamumva m'chaka chathunthu.

"Che Bene, mukumukumbukira kopolo uja Ajapani anamugwira wamoyo? Munakamutola ndinu pamtengo paja. Munaona zimene anamuchita."

Ndinkakumbukira. Tinamunyamula m'bulangeti chifukwa pa machira sakanakhalapo.

"Ine sadzandigwira wamoyo," anatero. "Ndipo sadzandikwiriranso."

"Nkhondo inatha, achimwene. Uyu ndi Shire. Kuno ndi kwathu."

"Pa mtsinje uja wa ku Burma anatiuzanso kuti tsidya kulibe munthu."

Zinali zoona. Anatiuzadi choncho, ndipo mabwato awiri oyamba sanafike tsidya.

Ndinamusiya atakhala pamizu ya mlambe, ine n'kumayendayenda. Ndikauza mesenjala, munthu amene ndinamukumba m'dothi ndi manja anga akathera m'ndende kapena kwa amisala. Ndikalimbana naye kuti ndilande, anali ndi mphamvu kuposa ine, ndipo pozungulira ponse panali anthu. Panalinso njira yachitatu, ndipo sindibisa: ndinaiyamba. Ndinatenga thumba langa n'kulowera msewu wobwerera ku Balaka. Ndinadziuza kuti ine si msilikalinso, ndili ndi mwana woti ndikamuone, zikachitika zichitike ine kulibe. Ndinayenda mpaka pamene msewu unakhota. Potembenuka ndinaona Abiti Sumani atakhala pambali pa Che Ajibu, akumubenthulira chimanga chootcha, kamwana ka mayi wina katagwira bondo lake. Ndinabwerera.

Pantoni inabwera dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Lole inakwera pamatabwa mogwedera, anaika miyala kumatayala, anthu tonse n'kuima m'mbali mwake. Ndinamukhazika Che Ajibu pakona ya kumunsi kwa madzi, ine n'kukhala momupanikiza, dzanja langa litagwira dzanja lake lamanja pamfundo. Amuna okoka anayamba nyimbo yawo, pantoni n'kusiya gombe.

"Taonani asilikali," anatero mayi wina. "Agwirana ngati akupita kukadalitsa ukwati."

Anthu anaseka. Inenso ndinaonetsa mano.

Pakati pa mtsinje chisumbu chachikulu cha bango chinabwera ndi madzi n'kugunda pantoni. Thabwa lonse linanjenjemera, chingwe chinalira ngati chiduka, lole inasuntha pang'ono n'kukankha mwala. Nyimbo inaduka. Azimayi anakuwa. Dzanja la Che Ajibu linayamba kukokera ku chikwama, ine ndikukokera kwanga. Sitinayang'anane. Tinkalimbana chamumtima, mwakachetechete, mitsempha yokha ikugwira ntchito. Ndinayang'ana madzi ofiirawo, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti zala zake zikangolowa m'chikwama, ndimukumbatira n'kudzigwetsa naye m'madzi. Ng'ona za pa Liwonde ndinkazidziwa mbiri yake. Ndinayamba kunena Tikuoneni Maria, koma mawu ake anandithawa pakati.

Anthu a pantoni anakankha chisumbucho ndi mitengo yaitali mpaka chinapota n'kupitirira. Nyimbo inayambanso. Titagunda gombe la tsidya, zala zanga zinakanika kutambasuka. Ndinachita kuzitsegula ndi dzanja linalo.

A Kachingwe anakana kukwera mapiri kukuda, choncho tinagona pakhonde la sitolo ina pa Liwonde pomwepo. Che Ajibu anatsamira havasaki, lamba wake atamukulunga pamkono. Ine sindinatseke maso.

M'mawa kunacha kopanda mtambo. Tinanyamuka, ndipo mtima wanga unayamba kukhazikika. Ndinkati Nsanama si patali, kuchokera apo tiyenda pansi awiriwiri, kutchire kopanda anthu ndikamunyengerera bwino. Lole inayamba kukwera zitunda za ku Molipa ikulira ngati ng'ombe yokoka ngolo yolemera. Mitengo inayandikira msewu mbali zonse. M'makhwawa munali nsungwi zothithikana, zonyowa, zonunkha chinyezi. Fungo limenelo ndinalidziwa, ndipo nditayang'ana mnzanga ndinaona kuti nayenso walidziwa.

Pamenepo tayala lakumbuyo linaphulika.

Phuu! Lole inapendekera kumanzere. Ndisanadziwe chimene chachitika, malo a Che Ajibu anali opanda munthu. Ndinangoona msana wake ukulowa m'nsungwi, atawerama monga anatiphunzitsira.

"Akupita kuti amenewo?" anafunsa a Chikaonda.

"M'mimba," ndinayankha, n'kudumpha.

Ndinamupeza pansi pa khwawa, atagona chafufumimba kuseri kwa mwala, maso ali kumsewu. Sokosi inali pansi. Bomba linali m'dzanja lake lamanja, ndipo phini wake munalibe.

Kwa amene simunaligwirepo: bomba limeneli lili ndi kachitsulo kam'mbali kamene phini amakagwira. Ukachotsa phini, chimene chatsala ndi dzanja lako basi. Ukadagwirabe, palibe chichitika. Ukangotambasula zala, werenga kanayi.

"Gonani pansi, Che Bene," ananong'ona. "Ali pamsewu."

Ndinakwawa mpaka pamene anali. Ndinaphimba dzanja lake ndi manja anga onse awiri. Linali lozizira.

"Phini ali kuti, achimwene?"

Maso ake sanachoke kumsewu. Ndinayang'ana m'masamba owola, m'matope, pakati pa mizu. Kachitsulo kochepa ngati kameneko m'khwawa la nsungwi, ngakhale ukanakhala ndi tsiku lonse sukanakapeza.

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji choncho. Kumsewu ndinkamva a Kachingwe akugogoda zitsulo. Nyerere zinkandikwera m'khosi koma ndinalibe dzanja lozichotsera. Ndinamuuza zonse zimene ndikanatha: kuti linali tayala, kuti pamsewu pali azimayi ndi ana, kuti amayi ake akumudikira. Mawu anga ankangomudutsa. Kenako ndinamva masamba akuswaswata kumbuyo kwathu, ndipo thupi lake lonse linauma.

Anali Abiti Sumani, akutsetsereka m'khwawamo atagwira nsalu yawo.

"Mayi, bwererani!" ndinakuwa monong'ona. "Chimene chili m'manja muno chikagwa, tonse atatu tatha. Bwererani, musauze munthu."

Anaima. Anayang'ana manja athu, anayang'ana nkhope ya Che Ajibu. Kenako anakhala pansi pamatope pomwepo, n'kutambasula miyendo ngati ali pakhonde pawo. Anayamba kuyankhula m'Chiyao, chimene ndinkachimva bwino chifukwa cha anzanga a ku nkhondo.

"Mwanangu, ine ndafunsa asilikali ambiri, onse amangonditonthoza. Iwe sunandinamizepo, chifukwa sunandiyankhepo. Tandiuza. Kumeneko munkadya chiyani?"

Ndinaganiza kuti mayiyu wapenga. Koma patapita kanthawi, Che Ajibu anayankha, maso akadali kumsewu.

"Mpunga, amao. Ndi nyama ya m'zitini. Ndege inkaponya kuchokera kumwamba. Masiku ena inkaponyera kwa adani."

"Mukagona njala?"

"Tinkagona njala."

"Munkagona pati?"

"M'maenje. Madzi kufika m'chiuno. Umagona choimirira, mnzako atakugwira kuti usamire."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anafunsa za malungo, anafunsa ngati kunali mzikiti, ngati ankawalola kumanga mwezi wa Ramadhani. Iye ankayankha, ndipo pang'onopang'ono mutu wake unatembenuka kuchoka kumsewu, n'kuyang'ana mayiyo. Kenako Abiti Sumani anafunsa chimene ndikhulupirira kuti chinawayendetsa maulendo atatu onse aja.

"Nanga Asilamu akafa, munkawasambitsa?"

Che Ajibu anayankha motsitsa mawu.

"Madzi analipo ambiri, amao, koma nthawi panalibe. Tinkawakulunga m'bulangeti. Tinkakumba ndi manja athu, n'kuwagoneka cham'mbali, nkhope kuloza ku Maka. Shehe kunalibe. Ine ndinkawapempherera dua imene ndinkaidziwa."

"Aliyense?"

"Aliyense amene tinamupeza."

Mayiyo anaphimba nkhope ndi nsalu. Sanalire mokweza. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Atachotsa nsaluyo anati, "Basi. Ngati Daudi anatsala kumeneko, anaikidwa ndi anthu."

Ndinamva dzanja lija likusintha pansi pa manja anga, ndipo mtima unandilumpha, ndikuti akusiya. Koma anangoti, ndi mawu a mwana wamng'ono:

"Amao, dzanja langa latopa."

"Mupatse mnzakoyo," anatero mayiyo.

Ndinalowetsa chala changa chachikulu pansi pa zala zake mpaka ndinamva kachitsulo kaja. Ndinakakanikiza. Tinachotsa zala zake chimodzichimodzi, chifukwa zinali zitauma ngati mizu. Bomba linatsala m'manja mwanga, lotentha ndi thukuta lake. Ndinawauza onse awiri agone kuseri kwa mwala. Ine ndinali nditaponyapo bomba kamodzi kokha, pophunzira, zaka zinayi m'mbuyomo. Kumunsi kwathu khwawa linkagwera m'phompho. Ndinaimirira, ndinaponya, n'kudzigwetsa.

Ndinawerenga mpaka kanayi. Palibe. Ndinati mwina linawola ndi mvula ya ku Burma. Ndinayamba kudzutsa mutu.

Phiri lonse linagwedezeka. Dothi ndi timiyala zinatigwera pamsana, nsungwi zinathyoka, mbalame zinabalalika.

Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa, chifukwa ine ndimakumbukira zidutswa zokha. Akuti ndinayamba kukwawa m'khwawamo ndikukuwa kuti, "Machira! Machira kuno!" Akuti ndinkakumba matope ndi zala ndikuitana mayina a anthu amene tinawasiya kutsidya la nyanja. Chimene ndimakumbukira ndi manja aakulu akundinyamula m'khwapa, ndi mawu a Che Ajibu pakhutu panga.

"Che Bene. Che Bene! Palibe wavulala. Dzukani, tizipita."

Zikhadabo zanga ziwiri zinali zitazuka. Kabudula wanga anali atanyowa, ndipo sanali madzi a m'khwawa.

Titatulukira pamsewu, anthu onse anali atathawira kuseri kwa lole. A Kachingwe anali ndi sipanala m'manja. A Chikaonda anabwera kutsogolo, chipewa chofiira chitapendekeka.

"Chimene chija n'chiyani?"

Anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Anayang'ana Che Ajibu, amene anali atandikoleka mkono paphewa pake. Anayang'ana havasaki yotseguka, yopanda kanthu.

"Mphenzi," anatero Abiti Sumani, akusasa matope pansalu.

Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo kamodzi. A Chikaonda anakweza maso, anayang'ana thambo lonselo mosafulumira, n'kuwongola chipewa chawo.

"Eya," anatero. "Mphenzi za m'mapiri muno sizidikira mitambo. A dalaivala, tamangani tayalalo."

Kuchokera apo mpaka ku Nsanama sanafunsenso za Ajapani.

Pa Nsanama tinatsika tonse. Abiti Sumani anasenza kamtolo kawo kulowera njira ya kwa Mposa. Ndinafuna kuwathokoza koma iwo sanadikire. Anangondigwira pamutu, n'kugwira Che Ajibu pachifuwa, n'kumapita. Ife tinayamba wapansi kulowera ku Chiuta, tsiku limodzi ndi theka, kudutsa m'minda ya mpunga ndi m'madambo odzaza madzi. Matumba onse awiri ananyamula ndi iye.

Mudzi wawo tinaudziwa ndi fungo la nsomba zoyanika tisanauone. Anthu anali atamva kale kwa asilikali amene anafika m'mbuyomo kuti Ajibu ali moyo koma mutu sukuyenda bwino, ndipo adzabwera ndi womuperekeza. Amayi ake anagwa pamapazi ake. Amjomba ake, ndiko kuti amalume, mkulu wa ndevu zoyera, anatikhazika pamphasa n'kuitanitsa madzi. Che Ajibu analandira chikho n'kumwa bwinobwino. Chitafika kwa ine, manja anagwedezeka mpaka madzi onse anathera pamiyendo. Mkuluyo anatiyang'ana uyu, n'kuyang'ana uyu.

"Pepani, alendo," anatero mwaulemu. "Paja wodwala uja ndi uti?"

Ndinati ndigona usiku umodzi. Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi. M'mawa uliwonse ndinkamanga thumba, ndikafika pamene njira ikutuluka m'mudzi, miyendo inkakana. Ndikaganiza za lole, za zitunda zija, za pantoni, ndinkabwerera. Ndinkaopanso china: kuti ndikafika bwanji kwa Aginesi ndili chonchi, ine amene m'makalata onse ndinkalemba kuti ndili bwino.

Sindinena kuti Che Ajibu anachira. M'nyumba ankakana kulowa. Ankagona panja pansi pa thandala la nsomba. Koma tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinamupeza atavala nsapato zake za usilikali, ndodo ili m'manja, thumba langa lili paphewa pake.

"Kwende, Che Bene," anatero. Ndiko kuti, tiyeni.

Tinayenda pansi njira yonse, chifukwa lole ndinaikana. Masiku anayi. Pa Shire tinawoloka pa bwato la msodzi, iye akupalasa nawo. Tinafika kwathu masana, Aginesi akupalira mbatata kuseri kwa nyumba, kamtsikana kakang'ono kali pambali pake. Anaponya khasu. Kamtsikanako kanathawira kuseri kwa nkhokwe.

Kulira kutatha, Che Ajibu anamuitanira Aginesi pambali, koma ndinamva zimene ananena.

"Alamu, munthu wanu ndi ameneyu. Ndi munthu wabwino. Akagona musamamudzutse momugwira, muzimuitana dzina muli patali. Chitseko musamamenyetse. Akayamba kukumba pansi, musamuseke, ndipo ana asaone."

Aginesi anamvetsera zonse, n'kufunsa, "Nanga inuyo mubwerera ndi ndani?"

"Njira ndaiona kawiri," anayankha.

Ananyamuka m'mawa mwake. Ndinamuperekeza mpaka pa mtsinje wa kumunsi kwa mudzi, ndipo sindinamuonenso. Masabata anadutsa ndisakudziwa ngati anafika, kapena ngati tayala lina linaphulika penapake iye ali yekha. Ndinkadziimba mlandu kuti ndinamulola.

Chimanga chitayamba kuuma, munthu wina wogulitsa nsomba pa njinga anaima pakhomo pathu n'kufunsa ngati pano ndi pa Che Bene, amene anali msilikali. Anamasula kamtolo kokulunga m'masamba a mgwalangwa n'kundipatsa. Munali matemba ouma a ku Chiuta, osankhidwa aakuluakulu okhaokha.

"Kalata ilipo?" ndinafunsa.

"Iyayi," anatero munthuyo. "Angoti mukalandira mudziwa."